Lupanga kumanja, chishango kumanzere: nanga Shield ndiiponya ndi dzanja liti?

Chiphaliwali analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo, chifukwa nkhani iyi yandisowetsa mtendere kuyambira Loweruka. Timasewera masewero a pa tebulo otchedwa Dungeons & Dragons, edition yachisanu, malamulo a 2014, ndipo tatha miyezi 7 tili pa nkhani imodzi. Ine ndimaseweretsa Fighter wa Eldritch Knight, msilikali wodziwanso matsenga, ali pa level 5. Amavala chain mail, kumanzere chishango, kumanja longsword, ndiye AC yake, nambala imene mdani ayenera kufikira kuti amugunde, ndi 18. Ma cantrip, timatsenga tating'ono toponya mopanda malire, ndili nawo awiri, Booming Blade (yoponya pomenya ndi lupanga) ndi Fire Bolt, ndipo pa ma spell a level 1 amene ndimadalira kwambiri ndi Shield ndi Absorb Elements.

Loweruka nkhondo inatipeza pa mlatho wopapatiza. Ine ndinaima kutsogolo kutseka njira, anzanga atatu ali kumbuyo kwanga. Mkulu wa ma hobgoblin anandifikira nditatsala ndi HP (mphamvu ya moyo) 9 yokha. A DM athu, oyendetsa masewero, anaponya d20 (dayisi ya mbali 20) n'kunena kuti 21. Ine nthawi yomweyo ndinati ndikuponya spell ya Shield, podziwa kuti AC ikwera ndi 5 kufika 23, ndiye lupanga lakelo lindiphonya. A DM anakhala kaye chete, kenako anati: "Manja ako onse awiri agwira zinthu. Shield imafuna dzanja. Uiponya ndi chiyani?" Ndinayankha kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikuiponya chonchi, iwo ali pompo, osanena kanthu. Anati sanali kudziwa, aliwerenga lamulolo mkati mwa sabata yomweyo. Damage inabwera 14, munthu wanga anagwa, mlatho unatseguka, ndipo Wizard wathu amene anali kumbuyo kwanga anafera pomwepo. Anafa zenizeni, munthu amene mnzathu wakhala akumulera kuchokera pa level 1.

Sindinafune kukangana pa tebulo, koma mtima unandipweteka. Tikulongedza, a DM anawonjezeranso china: akuti ndikaponya Booming Blade sindiyenera kumenyanso kachiwiri ndi Extra Attack, pamene ine chifikireni pa level 5 ndakhala ndikuchita zonse ziwiri pa turn imodzi.

Ndiye funso langa ndi ili. Kodi a DM akunena zoona pa Shield? Ngati ndi zoona, bwanji Booming Blade akundilola kuiponya manja ali odzaza chimodzimodzi, chikhalirecho nayonso ili ndi S, chilembo chosonyeza kuti imafuna dzanja, pa mndandanda wake? Ndipo ngati Eldritch Knight sangathe kuponya Shield atagwira lupanga ndi chishango, anamupangiranji? Ine ndinamusankha chifukwa ndinkafuna msilikali amene amamenya ndi chitsulo komanso matsenga pa nkhondo imodzi. Sindikufuna kuwanyoza a DM athu, ndi munthu amene amatikonzera masewero abwino ndipo amataya nthawi yake yambiri chifukwa cha ife. Ndikungofuna kudziwa pamene pali choonadi ndisanakalankhule nawo.

Kamba_wa_Malamulo analemba:

Achimwene, pepani ndi imfa ya Wizardyo, zimawawa. Koma pa zimene zalembedwa m'buku, a DM anu sanalakwe, mbali zonse ziwiri. Ndifotokoze pang'onopang'ono, chifukwa lamulo ili limasokoneza anthu ambiri, ngakhale amene asewera zaka.

Spell iliyonse ili ndi zilembo zake, V, S kapena M. V ndi mawu, ndiye pakamwa pakhale potha kulankhula, n'chifukwa chake mkati mwa Silence simungaponye spell ya V. S ndi kayendetsedwe ka dzanja, ndipo Player's Handbook imanena kuti pamafunika dzanja limodzi lopanda kanthu. M ndi zipangizo, ndipo nazonso zimafuna dzanja loti lizigwire, kaya ndi za m'kathumba ka zipangizo kapena focus, chinthu chimene chimalowa m'malo mwa zipangizozo. Tsono pali kachiganizo kamodzi pansi pa M kamene kamabweretsa chisokonezo chonsechi: dzanja limene lagwira zipangizo likhoza kukhala lomwelo lochita S. Chilolezo chimenechi chili pansi pa M basi. Spell ikakhala yopanda M, chilolezocho palibe, mwabwerera ku lamulo loyamba lija loti dzanja likhale lopanda kanthu.

Onani tsopano ma spell anu. Shield ndi V ndi S, ilibe M. Absorb Elements ndi S yokha. Fire Bolt ndi V ndi S. Onse atatuwa akufuna dzanja lopanda kanthu, ndipo inu mulibe. Booming Blade, monga inalembedwera mu Tasha's Cauldron of Everything ya 2020, ndi S ndi M, ndipo M yakeyo ndi chida chomenyera pafupi cha mtengo wosachepera ndalama imodzi ya siliva. Chipangizo chake ndi lupanga lomwe lili m'dzanja lanulo, ndiye dzanja lomwelo lichita S. N'chifukwa chake imeneyo ikudutsa pamene Shield ikukanika. Mu Sword Coast Adventurer's Guide ya 2015, mmene inatulukira koyamba, inali V ndi M, yopanda S n'komwe, ndiye funsoli silikanabuka.

Ndikuvomereza kuti zikumveka zokhota. Spell yofuna zinthu zambiri ndiyo yosavuta kuponya manja ali odzaza, yofuna zochepa ndiyo yovuta. Koma Sage Advice Compendium, imene eni ake a Wizards of the Coast amatulutsa poyankha mafunso a malamulo, inatsimikiza kuti ndi mmene anafunira.

Za Extra Attack ndi zachidule. Extra Attack imagwira ntchito mukatenga action yotchedwa Attack. Mukaponya Booming Blade mwatenga action yotchedwa Cast a Spell, ndipo kumenya kuja kuli mkati mwa spell. Lupanga lazunguzika ndithu, koma dzina la action ndi lina. Pa chifukwa chomwecho, munthu wa malupanga awiri akaponya Booming Blade sapeza kumenya kwa bonus action ndi lupanga lachiwiri. Umboni wina ndi Wizard wa Bladesinger mu Tasha's: iyeyo pa level 6 anamulembera mwapadera kuti akhoza kusinthanitsa kumenya kumodzi ndi cantrip. Zikanakhala kuti aliyense amatha, sakanavutika kulemba.

Tsopano zoti muchite, poti Eldritch Knight si munthu wachabe ayi. Njira yowongoka ndi feat (luso lapadera limene mumasankha pokwera level) ya War Caster. Imakulolani kuchita S ngakhale manja agwira zida kapena chishango, imakupatsani advantage (kuponya d20 kawiri n'kutenga yaikulu) pa Constitution save yosunga concentration, yoti spell imene ikupitirira isaduke, mukavulazidwa, ndipo mdani akamathawa pafupi nanu mukhoza kumuponyera spell m'malo mwa opportunity attack, kumenya kuja kwa pamene mdani akuthawa. Mwayi wanu ndi woti Fighter amalandira Ability Score Improvement, imene mukhoza kuisinthanitsa ndi feat, pa level 6, pamene magulu ena akachoka pa 4 amadikira mpaka 8. Mwatsala ndi level imodzi yokha.

Musanafike pamenepo, pali Weapon Bond, mphamvu yoitana lupanga lanu kuti libwere m'dzanja, imene munalandira pa level 3. Pa turn yanu iliyonse muli ndi mwayi umodzi waulere wogwira chinthu, monga kusolola lupanga kapena kulibweza m'chimake. Ndiye mukhoza kuyamba turn ndi bonus action kuitana lupanga kuti libwere m'dzanja, kumenya kawiri, kenako kulibweza m'chimake ndi mwayi waulere uja. Adani akamamenya dzanja lanu lili lopanda kanthu, Shield ikutheka. Mtengo wake ndi woti bonus action yapita, Second Wind, yodzichiza nayo, simungaigwiritse pa turn imeneyo, ndipo mdani akathawa mumumenya ndi chibakera chokha. Chishango musaganize zochivula, kuvula kapena kuvala chishango kumadya action yathunthu.

Njira ina ndi kusiya chishango n'kutenga greatsword. Buku linakonzedwa kuti linene momveka kuti chida cha manja awiri chimafuna manja awiriwo pomenya pokha. Pongochinyamula dzanja limodzi likukwana, linalo lili pa mpata. Mutaya 2 pa AC, mupeza 2d6 (madayisi awiri a mbali 6) pa damage ndi Shield nthawi ina iliyonse.

Chimodzi chimene ndikuchenjezeni: wina akuuzani za Ruby of the War Mage ya mu Xanathar's Guide to Everything, kamwala kamene kamasandutsa chida kukhala focus. Ndi kabwino, koma pa vuto lanuli sikathandiza, chifukwa focus imangolowa m'malo mwa M, ndipo Shield ilibe M.

Nankhoma_Cleric analemba:

Ine ndine wa Cleric, ndipo lamulo limeneli linandiluma kale. Wanga amanyamula chibonga ndi chishango, chizindikiro chopatulika chili pa chishangopo. Bless ndimaponya popanda vuto chifukwa ili ndi V, S ndi M, chishango ndicho focus, dzanja lomwelo likuchita S. Koma Cure Wounds ndi V ndi S basi. Tsiku limene ndinazindikira zimenezi ndinadabwa kwambiri: ndingathe kudalitsa anthu atatu chibonga chili m'manja, koma kuti ndichize mmodzi ndiyambe ndachiika pansi. Chitsanzo cha mu Sage Advice chimene a Kamba akunena ndi cha Cleric ngati wangayu ndithu, amayerekeza Aid ndi Cure Wounds.

Kwa ine zinapepuka chifukwa ma spell anga ambiri ndimaponya pa turn yanga. Ndikoloweka chibonga palamba ndi mwayi waulere uja, ndichiza, turn yotsatira ndichisolola. Mnzanga akagwa patali ndili ndi Healing Word, imene ndi V yokha, siifuna dzanja. Vuto la achimwenewa ndi loti Shield ndi Absorb Elements ndi za reaction, zimabwera pa turn ya mdani, pamene mwayi wogwira chinthu uja mulibe. Apa ndiye pamene lamuloli limapweteka kwenikweni, ndipo limapweteka Eldritch Knight kuposa wina aliyense, poti ma spell ake ambiri ayenera kuchokera ku abjuration ndi evocation, ndipo abwino kwa munthu woima kutsogolo ndi a reaction omwewa.

Funso limene mukawafunse a DM anu ndi loti kodi mungathe kungotaya lupanga pansi pamene mukuponya Shield. Kutsegula dzanja kuti chinthu chigwe anthu ambiri amakuwerengera ngati kwaulere. Buku la 2014 silinena momveka ngati zimenezi zingachitike pa turn ya munthu wina, ndiye ndi a DM ogamula. Athu amalola, koma lupanga likagwa lagwa, mdani akhoza kulitola kapena kulikankhira kutali ndi phazi. Pa mlatho wanu uja likanatha kugwera m'madzi. Komatu inu muli ndi Weapon Bond, likanabwerera m'dzanja ndi bonus action, ngakhale kuchokera pansi pa mtsinje.

Gogo_Dayisi analemba:

Ndakhala ndikuyendetsa masewero ngati DM kwa zaka zambiri, kuyambira nthawi ya edition yachitatu, ndiye ndilankhulako ngati mnzawo wa a DM anuwo.

A Kamba afotokoza bwino, sindichotsapo kanthu. Koma mwana wanga, pa nkhani yako pali zinthu ziwiri, ndipo anthu pano akuyankha chimodzi. Choyamba ndi chimene buku likunena. Chachiwiri ndi nthawi imene lamulolo linatulutsidwa, ndipo apa a DM ako anaphonya. Miyezi 7 tebulo lanu lakhala ndi lamulo lakelake, losalembedwa, loti Shield imatheka manja ali odzaza. Iwe unasankha chishango podalira zimenezo. Unaima pa mlatho ndi HP 9 podalira zimenezo. Ukanadziwa, mwina ukanagwiritsa Second Wind msanga, mwina ukanabwerera m'mbuyo, mwina ukanabweza lupanga m'chimake. Wizard uja naye anaima kumbuyo kwako powerengera kuti khoma lake lili ndi Shield. Ngati a DM anawerenga lamulolo mkati mwa sabata, malo olinenera anali poyamba pa masewero, d20 isanagwe ngakhale imodzi. Ine ndikapeza kuti takhala tikulakwitsa, ndimati lero timalize monga tazolowera, kuyambira ulendo wamawa tisintha, ndipo amene zamukhudza ndimamulola kusintha feat kapena chida chake popanda kulipira kanthu.

Sindikunena kuti anachita dala. Ndikudziwa mmene zimakhalira. Wawerenga chinthu, waiwala kunena, kenako chikukumbukika pamene chafika pamaso pako, ndipo ukuona ngati ukachisiya wanama. Inenso ndinachitapo zotere kwa Paladin wina, ndipo mpaka lero ndimamva chisoni ndikakumbukira nkhope yake.

Tsono maganizo anga pa lamulo lenilenilo. Pa tebulo langa ndinalifewetsa, koma sindinalichotse. Ndimati dzanja limene lagwira focus likhoza kuchita S pa spell iliyonse, ya M kapena yopanda M. Kusiyanitsa Bless ndi Cure Wounds kuja sindinakupezere phindu, kumangochedwetsa nkhondo ndi mafunso oti chibonga chili kuti tsopano. Koma woti wagwira lupanga wamba ndi chishango wamba, wopanda focus, ameneyo ndimamufunsabe War Caster. Chifukwa chake ndi ichi. Munthu wa plate ndi chishango ali ndi AC 20. Akawonjeza Shield ndi 25, ndipo imakhala mpaka poyambira turn yake yotsatira, osati pa kumenya kumodzi kokha. Chirombo chimene chili ndi +5 pomenya chimugunda ndi 20 yokha pa d20. Zimenezi ziyenera kukhala ndi mtengo. Wa greatsword walipira potaya chishango, wa War Caster walipira ndi feat. Ukalola wachitatu kuti apeze zonse mwaulere, awiri aja awona ngati anapusitsidwa.

Ndiye ukapita kwa a DM ako usakayambe ndi mawu oti lamulo ndi loipa. Ukawauze kuti pa lamulo wavomera, koma nthawi yake ndiyo inakupweteka, ndipo mnzanu wataya munthu wake chifukwa cha kusintha kumene sanauzidwe. DM wabwino amamva zimenezo.

Kadzidzi88 analemba:

Agogo, pa nthawi yonenera lamulo ndili nanu. Koma pa kufewetsa kuja ndikusiyana nanu pang'ono. Mukalola focus kuchita S pa spell iliyonse, ndiye Ruby of the War Mage, imene ndi chinthu cha common, yadya gawo lalikulu la War Caster. Warlock wa Improved Pact Weapon ndi Bard wa College of Swords, amene zida zawo ndi focus kale, aponya ma spell a S opanda M manja ali odzaza osalipira kalikonse. Mtengo uja mukuuteteza wathawira pa khomo lakumbuyo.

Gogo_Dayisi analemba:

Mwanena zoona, ndipo ndinaziganizira. Ruby imadya malo amodzi mwa malo atatu a attunement, a zinthu zamatsenga zimene munthu angalumikizane nazo, ndipo ndine ndimasankha ngati ipezeka m'dziko langa kapena ayi. Warlock uja walipira ndi invocation. War Caster imatsalabe ndi advantage pa concentration, imene kwa munthu woima kutsogolo ndi yaikulu, poti nthawi iliyonse akavulazidwa aponya save ya DC 10 kapena theka la damage, chimene chakula. Kwa ine mtengo umenewo wakwana. Tebulo lina likhoza kuona mosiyana, ndipo sindingalitsutse.

Mwezi_Wathunthu analemba:

Palibe amene wakhudza bwino za Booming Blade, ndiye ndiikepo masamu pang'ono, kuti achimwenewa asaganize kuti cantrip yawo yatha ntchito.

Tiyerekeze Strength 18, ndiye +4, longsword ya 1d8 ndi Dueling ya +2, imene imagwira ntchito ngakhale muli ndi chishango. Kumenya kumodzi kukagunda kumapereka pakatikati 10.5. Pa level 5 Extra Attack ikupatsani 21 zonse zikagunda. Booming Blade pa level 5 ndi 10.5 kuwonjeza 1d8 ya thunder, ndiye 15, ndipo mdani akasuntha mwakufuna kwake alandiranso 2d8, pafupifupi 9, zonse pamodzi 24. Ndiye pa level 5 ndi 6, mdani woti angoima n'kumalimbana nanu mumenyeni kawiri. Booming Blade isungireni amene mukudziwa kuti akufuna kudutsa kupita kwa anzanu akumbuyo. Pa mlatho paja inali malo ake enieni. Kumbukiraninso kuti mawu oti mwakufuna kwake ndi ofunika: mnzanu akamukankha ndi Thunderwave, 2d8 ija siiphulika.

Pa level 7 zinthu zitembenuka. War Magic imati mukagwiritsa action kuponya cantrip, mumenya kamodzi ndi bonus action. Ndiye 15 kuwonjeza 10.5 ndi 25.5, kuposa 21 ya Extra Attack, mdani asanasunthe n'komwe. Kuyambira 7 mpaka 10 imeneyi ndiyo njira yanu ya tsiku ndi tsiku. Apa ndi pamene nzeru ya a Kamba yoitana lupanga ndi bonus action iyamba kuwombana ndi War Magic, poti bonus action ndi imodzi pa turn. N'chifukwa chake War Caster pa level 6 ikugwa pa nthawi yake.

Pa level 11 Fighter amamenya katatu. Strength ikakhala 20, katatu ndi 34.5, pamene Booming Blade ya 2d8 ndi kumenya kwa War Magic zikupereka 32, kuwonjezapo 3d8 mdani akasuntha. Zatsala pang'ono kufanana, ndiye muziona nkhondo mmene ilili.

China chimene anthu amalakwitsa ndi Action Surge, imene imapatsa Fighter action yachiwiri pa turn imodzi. Lamulo la 2014 silinena kuti spell imodzi pa turn. Limanena kuti mukaponya spell ndi bonus action, spell ina imene mungaponye pa turn imeneyo ndi cantrip ya action imodzi basi. Ndiye Thunderwave kenako Action Surge kenako Burning Hands ndi zololedwa. Koma mukayamba ndi Misty Step, imene ndi bonus action, Action Surge siikutsegulirani spell ina ya level, mwatsala ndi ma cantrip ndi lupanga. Booming Blade, Action Surge, kenako Attack ya kumenya kawiri ndi zololedwanso, ndipo ndiyo njira yokhayo panopa yochitira zimene munkachita zija, kamodzi pakati pa kupuma ndi kupuma.

Kadzidzi88 analemba:

Ndiwonjezere za malamulo atsopano, mwina tebulo lanu lingafune kubwerekako. Mu Player's Handbook ya 2024, War Magic ya level 7 inasintha: mukatenga action ya Attack, mukhoza kuchotsa kumenya kumodzi n'kuikapo cantrip ya Wizard. Ndi zimene munkachita inu zija ndendende, kungoti munayamba ma level awiri msanga. Bonus action imatsala yanu. Eldritch Knight analoledwanso kugwiritsa arcane focus, imene mu 2014 sanamulembere. Ndipo pa kumenya kulikonse kwa action ya Attack mukhoza kusolola kapena kubweza chida chimodzi, musanamenye kapena mutamenya. Ndiye womenya kawiri asolola pa koyamba, abweza m'chimake atamaliza kachiwiri, dzanja lili pa mpata podikira Shield. Lamulo la S lenilenilo lilipobe, koma kulizungulira kwaphweka. Lamulo la bonus action lija nalonso linalowedwa m'malo ndi loti spell slot imodzi pa turn.

Masewero ena anathetsa nkhaniyi mwa njira zawo. Magus wa Pathfinder yoyamba amauzidwa poyera kuti Spell Combat imafuna dzanja limodzi lopanda kanthu ndipo amalipira -2 pomenya, ndiye palibe amene amadzidzimuka pakati pa nkhondo. Mu Pathfinder yachiwiri S ankailola ngakhale dzanja lagwira chinthu, ndipo mtengo anauika pa ma action, Spellstrike imadya awiri mwa atatu ndipo imafuna kuidzazanso. Chimene chimandidandaulitsa pa Eldritch Knight wa 2014 ndi choti pa tsamba lake palibe pamene akukuchenjeza. Uyenera kukapeza wekha ku mutu wa matsenga, kutali, pansi pa chilembo M.

Chiphaliwali analemba:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka a Kamba ndi agogo. Ndawerenga kangapo. Pa lamulo ndavomera, ndinali kulakwitsa pawiri ponse, ndipo Booming Blade ndi Extra Attack ija ndakhala ndikudya zosayenera kwa milungu ingapo, anzanga ena akumenya mochepa pondiyerekeza ine.

Dzulo madzulo ndinalankhula ndi a DM. Ndinayamba monga munanenera agogo, ndipo ndisanamalize iwo anati nawonso sanagone bwino kuyambira Loweruka. Anati anakumbukira lamulolo pamene ndinatchula Shield, ndipo atangolankhula anaona kuti sangabwezenso mawu. Tinamuyimbira mnzathu wa Wizard kuti asankhe yekha. A DM anali okonzeka kubweza nkhondo yonse kuyambira pa 21 paja. Mnzathuyo anakana. Anati imfayo inachitika pamaso pa tonse ndipo sakufuna kuifufuta, koma anapempha kuti thupi lisatayike. Ndiye tagwirizana kuti ma hobgoblin analitenga, ndipo ulendo wotsatira tikulilondola. Cleric wathu ali pa level 5, ali ndi Revivify, spell youkitsa munthu amene wafa mphindi imodzi isanathe, koma mphindiyo inadutsa kalekale, ndiye tifunika kupeza wina wodziwa Raise Dead masiku 10 asanathe, ndi diamondi ya golide 500 imene tilibe. Pakadali pano mnzathuyo aseweretsa mlonda wina amene tinamupulumutsa m'mbuyomu.

Za ine, a DM andilola kusintha zimene ndinasankha pa level 4. Ndinali nditakweza Strength kuchoka 16 kufika 18. Ndabweza, ndatenga War Caster, Strength ndidzakweza pa level 6. Ndimenya mofookerapo kwa level imodzi, koma chishango sindichisiya, ndi mmene ndinamuonera munthu wanga kuyambira tsiku loyamba. Tagwirizananso kuti lamulo lililonse latsopano lizinenedwa tisanayambe kusewera.

Ndatsala ndi kafunso kamodzi kwa a Kamba kapena a Mwezi. Tsopano poti ndili ndi War Caster, mdani akathawa pafupi nane ndingamuponyere Booming Blade m'malo mwa opportunity attack? Feat ikuti spell ikhale ya action imodzi ndipo ilunjike pa mdani yekhayo, koma mu Tasha's range ya Booming Blade analemba kuti Self. A DM akuti iwo akuona ngati n'zotheka poti womenyedwa ndi mmodzi yemweyo, koma akufuna amve kaye maganizo a ena, ndipo tikufuna tigamule Loweruka lisanafike.